Kudula Mawu pa Nthawi Yake: Ntchito ya Wosokoneza m'Masewera a Dota 2

Mawu oyamba

Usiku wina wa Loweruka, ndili m'chaka chachiwiri, tinali anthu asanu m'chipinda chimodzi kuhositelo, aliyense laputopu yake ili pamiyendo. Tinkasewera Dota 2 pa intaneti ndi anthu ena asanu omwe sitinawaonepo. Titalimbana kwa mphindi pafupifupi 40, anzanga anapanikiza mdani yemwe anali wamphamvu kuposa onse m'timu inayo, ndipo anangotsala pang'ono kumumaliza. Ine, pofuna kuti nanenso ndioneke kuti ndachitapo kanthu, ndinadina batani limodzi mwaphuma. Mdani uja anachoka m'manja mwa anzanga n'kukapezeka pafupi ndi nsanja ya kwawo, ali moyo. Posakhalitsa anabwerera ndi anzake n'kutigonjetsa. M'chipinda muja munangoti zii. Kenaka mnzanga wina wophunzira masamu anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Aise, kodi iweyo ukusewerera timu iti?"

Ngwazi yomwe ndinasankha tsiku limenelo dzina lake ndi Disruptor, kutanthauza wosokoneza. Kusokoneza ndinasokonezadi, koma amene ndinawasokoneza anali anzanga omwe. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi kusokoneza kothandiza n'kotani. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti wosokoneza waluso ndi amene amamvetsera zimene mdani akukonzekera kuchita, nadikira, kenaka n'kumudula pa nthawi imodzi yoyenera, ndipo kuti luso lotere sitingaliyeze powerenga adani amene iye wapha. Ndikudziwa kuti aphunzitsi anga ena adabwa kuona nkhani ya masewera a pakompyuta m'buku la dipatimenti ya ziyankhulo. Ndikupempha kuti andilezere mtima, pakuti zida zomwe zandithandiza kumvetsa nkhaniyi ndinazitola m'makalasi awo omwe.

Masewerawa ndi otani?

M'chaka cha 2002 kampani ya Blizzard inatulutsa masewera otchedwa Warcraft III, omwe ankalola osewera kudzipangira mabwalo awoawo. Mu 2003 munatuluka bwalo lina lopangidwa ndi osewera wamba lotchedwa Defense of the Ancients, mwachidule DotA. Kuyambira mu 2005 ntchito yolikonza inali m'manja mwa munthu wodziwika ndi dzina loti IceFrog, yemwe pambuyo pake analembedwa ntchito ndi kampani ya Valve. Kampaniyi ndiyo inatulutsa Dota 2 m'chaka cha 2013, ndipo masewerawa munthu amasewera popanda kugula.

Malamulo ake akuluakulu ndi osavuta. Pamakhala matimu awiri, Radiant ndi Dire, ndipo timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu. Malikulu a matimuwa amalumikizidwa ndi njira zitatu zotetezedwa ndi nsanja. Pakati pa likulu lililonse pali chimango chotchedwa Ancient, ndipo timu yomwe yagwetsa chimango cha anzawo ndiyo yapambana. Wosewera aliyense amasankha ngwazi imodzi mwa ngwazi zoposa 120, ndipo ngwazi iliyonse ili ndi maluso akeake. Pamene masewera akupita, ngwazi zimatolera golide wogulira zida. Popeza golide wa pabwalo sakwanira onse mofanana, osewera amagawana maudindo kuyambira 1 mpaka 5. Wa nambala 1 amadya golide wambiri kuti adzakhale chimphona kumapeto, pomwe wa nambala 4 ndi 5 amadzimana kuti anzawo akule. Disruptor kawirikawiri amakhala m'gulu lodzimanali.

Wina asaganize kuti izi n'zachibwana chabe. Mpikisano woyamba wa The International unachitikira ku Cologne m'dziko la Germany mu 2011, ndipo timu ya Natus Vincere inalandira madola 1 miliyoni. Pa mpikisano wa mu 2021 ku Bucharest m'dziko la Romania, womwe inapambana ndi Team Spirit, mphoto zonse pamodzi zinaposa madola 40 miliyoni. Pamene pali ndalama zotere, anthu amaganizira mofatsa za sekondi iliyonse, ndipo zimene apeza tingaphunzirepo kanthu ngakhale ife osewera a kuhositelo.

Zida zinayi za wosokoneza

Disruptor ali ndi maluso anayi akuluakulu. M'chipinda chathu tinawapatsa mayina a Chichewa, ndipo ndigwiritsa ntchito mayina omwewo. Opanga masewerawa amasinthasintha manambala ena ndi ena chaka ndi chaka, koma mtima wa maluso amenewa wakhala womwewo.

Loyamba ndi Thunder Strike, lomwe ife timati mphezi. Mdani amene waponyeredwa mphezi imamuwomba kangapo motsatizana, ndipo nthawi yonseyo amaoneka ngakhale atathawira m'mitengo. Ongoyamba kumene amaiona ngati chida chopwetekera, koma phindu lake lalikulu ndi maso. Komanso pali chida chotchedwa Blink Dagger chomwe chimalola ngwazi kudumpha mtunda m'kuphethira kwa diso. Chidachi chimaleka kugwira ntchito kwa masekondi atatu mwini wake akapwetekedwa ndi mdani. Choncho mphezi yoponyedwa msanga pa ngwazi ngati Earthshaker, yemwe amadalira kudumphira pakati pa gulu, imamulanda miyendo nkhondo isanayambe.

Lachiwiri ndi Glimpse, lomwe timati chibweza. Limeneli limamubweza mdani pamalo pomwe anali masekondi anayi apitawo. Ndilo linandichititsa manyazi usiku uja.

Lachitatu ndi Kinetic Field, khola. Ndi mpanda wozungulira womwe adani sangadutse poyenda, kaya kulowa kaya kutuluka, koma anzako amadutsa bwinobwino. Vuto lake ndi loti sutsekeka nthawi yomweyo. Pamapita pafupifupi sekondi imodzi kuti ulimbe, ndipo mdani watcheru amatulukamo usanatsekeke.

Lachinayi, lomwe ndi lalikulu, ndi Static Storm, namondwe. Aliyense wa adani amene ali m'kati mwa namondweyu amatsekedwa pakamwa, kutanthauza kuti sangagwiritse ntchito maluso ake, ndipo ululu wake umakulirakulira akamakhalitsamo. Disruptor akagula ndodo yotchedwa Aghanim's Scepter, ya golide 4,200, namondweyo amaletsanso adani kugwiritsa ntchito zida zomwe anyamula.

Taonani kuti pa zinayi zonsezi palibe chida chogwetsera chimphona kamodzi n'kamodzi. China chimaonetsa, china chimabweza, china chimatsekera, china chimatseka pakamwa. Zonse ndi zida zolepheretsa munthu kumaliza chimene wayamba. Apa m'pamene nkhaniyi ikukumana ndi maphunziro athu.

Wosokoneza ayambe wamvetsera

M'chaka cha 1974 akatswiri atatu, Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson, anasindikiza kafukufuku wotchuka wofotokoza m'mene anthu amapatsirana mpata pocheza. Mfundo imodzi yomwe ndinaigwira m'kalasi ndi yoti womvera sadikira kuti mnzake atsirize ndiye ayambe kuganiza. Amatsatira kamangidwe ka chiganizo, n'kudziwiratu komwe chikupita ndi pomwe chithere. N'chifukwa chake timatha kuyankhana popanda mpata wautali, ndiponso n'chifukwa chake munthu wochenjera amadziwa malo enieni odulira mnzake mawu. Kwathu kuno ngakhale kudulako kuli ndi mwambo wake. Pabwalo la milandu kapena pa zokambirana za ukwati, munthu wamkulu amati, "Pepani, ndikuduleni pang'ono," ndipo amatero pamene waona kuti mawu otsatirawo awononga zinthu. Wodula mawu paliponse timamutcha wamwano. Wodula pamalo pake timamutcha wanzeru.

Nkhondo ya mu Dota 2 nayonso ili ndi kamangidwe. Ngwazi iliyonse ili ndi ndondomeko ya maluso yomwe imatsata, monga m'mene chiganizo chimakhalira ndi mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Tengani Queen of Pain. Iye amadumphira pafupi ndi mdani, n'kukuwa mfuwu wake wopweteka, ndipo zikavuta amadikira kuti luso lake lodumpha libwerere kuti athawe. Storm Spirit amabwera ngati mpira wamoto kuchokera kutali, n'kumukoka mdani, kumumenya, kenaka n'kuulukanso. Anti-Mage naye moyo wake wonse uli pa kudumpha. Ngwazi zoterezi n'zofooka m'thupi. Chimene chimazisunga ndi mbali yomaliza ya ndondomeko yawo, yomwe ndi kuthawa. Ukaponya namondwe iwo asanalowe, amangoima patali n'kumakuseka. Ukamuponya atathawa kale, wataya chida pachabe. Malo odulira ali pakati: atalowa, asanatuluke. Pamenepo Storm Spirit wotsekedwa pakamwa amasanduka munthu wamba woyenda wapansi.

Ngwazi zina ndondomeko yawo ndi ya mtundu wina. Enigma ali ndi luso lotchedwa Black Hole lomwe limakokera adani onse pamalo amodzi, koma iye ayenera kuima chilili kwa masekondi angapo kuti lipitirire. Witch Doctor ndi Death Ward yake ndi chimodzimodzi. Amenewa ali ngati munthu woyankhula chiganizo chachitali ndi mpweya umodzi: ukangomudula, zonse zagwa. Wosokoneza amene akudziwa kuti m'timu ya adani muli Enigma sayenera kuthamangira kutsogolo ndi anzake. Ntchito yake pankhondo imeneyo ndi imodzi basi, kuima patali ndi kudikira chiganizo chimenecho.

Tsono kumvetsera kumayamba masewera asanayambe, pamene matimu akusankha ngwazi. Ndikaona mayina asanu a adani, ndimadzifunsa mafunso awiri. Kodi mwa asanuwa ndani amene akaloledwa kumaliza ndondomeko yake tonse tatha? Nanga ndi chida chiti mwa zinayi zanga chomwe chingamudule? Wosokoneza amene alibe yankho la mafunso amenewa amangoponya zida zake pa aliyense amene wayamba kuoneka, ndipo kawirikawiri woyamba kuonekayo amakhala nyambo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Chinthu chovuta kwambiri pa udindo umenewu si liwiro la zala. Ndi kuugwira mtima. Namondwe ukamuponya, kawirikawiri pamapita nthawi yoposa mphindi imodzi kuti abwererenso, ndipo adani odziwa masewera amawerenga nthawi imeneyo. Akaona kuti wamuwononga pa munthu mmodzi wosafunika, amadziwa kuti kwa mphindi yathunthu palibe wowatseka pakamwa. Kunena zoona, namondwe amagwira ntchito ngakhale asanaponyedwe. Malinga ngati ali m'manja mwako, Storm Spirit amaopa kulowa. Ukangomuponya, mantha aja atha.

Pali chida china chomwe wosokoneza aliyense ayenera kuchiwerengera, Black King Bar. Mwini wake akachiyatsa, amawala ngati golide ndipo kwa masekondi angapo chibweza, khola ndi namondwe sizimugwira. Apa pali njira ziwiri zokha. Yoyamba ndi kudikira kuti kuwalako kuzime, podziwa kuti nthawi ya chidachi imafupika akamachigwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Yachiwiri, ngati uli ndi ndodo ya Aghanim ija, ndi kumugwira asanachiyatse, pakuti m'kati mwa namondwe wotere sangathe kuchidina. Njira yachitatu, yoponya zonse pa munthu wowala uja chifukwa cha mantha, ndi imene ambiri a ife timatsata, ndipo ndi imene imatigonjetsa.

Ndondomeko ya zida nayonso ndi nkhani. Popeza khola limachedwa kutsekeka, kuliponya lokha pa mdani wodziwa kudumpha n'kungotaya nthawi. Pa mdani wotere ndi bwino kuyamba ndi namondwe, amene amatseka pakamwa nthawi yomweyo, kenaka khola n'kumusunga m'katimo. Pa mdani amene akuthawa, umayamba ndi mphezi kuti asakusowe, kenaka chibweza, ndipo pamene iye ali m'njira yobwerera umamanga khola pamalo pomwe akafikire. Akamafika amapeza mpanda watsekeka kale. Zida n'zomwezo, koma kusintha ndondomeko kumasintha tanthauzo, monga m'mene "galu waluma mwana" amasiyanirana ndi "mwana waluma galu".

Ndibwerere ku chibweza, chomwe chinandiphunzitsa zambiri. Maluso ambiri m'masewerawa amafuna kuti uone pomwe mdani ali, ena amafuna ulosere pomwe akhale. Chibweza chimafuna kuti ukumbukire pomwe anali. Usanadine uyenera kuyankha funso limodzi: masekondi anayi apitawo munthuyu anali pati? Ngati akuthawa, ndiye kuti anali pafupi ndi ife, choncho kumubweza n'kwabwino. Ngati wangofika kumene ndipo anzanga amugwira, ndiye kuti anali kwawo, ndipo kumubweza n'kumupulumutsa. Izi n'zimene ndinachita usiku uja. Ndinayang'ana nthawi yatsopano pomwe chida changa chimagwira ntchito ndi nthawi yakale.

Koma lamulo lomweli likatembenuzidwa limabala chinthu chokoma kwambiri. Ngwazi iliyonse imanyamula kachikalata kotchedwa Town Portal Scroll, komwe kamainyamula kuchoka mbali ina ya bwalo kukafika pa nsanja ya timu yake. Tiyerekeze kuti tikugwetsa nsanja ndipo chimphona cha adani chikubwera ndi kachikalatako kudzateteza. Chikangotera, wosokoneza amachibweza komwe chachokera, mwina kutsidya lenileni la bwalo. Kachikalata kapita, ndipo sikagwiranso ntchito kwa nthawi yoposa mphindi imodzi. Nkhondo yomwe ikanakhala ya asanu kwa asanu yasanduka ya asanu kwa anayi. Palibe amene wafa, palibe chimene chalembedwa pa bolodi la zotsatira, koma nsanja yagwa chifukwa cha batani limodzi lomwelo.

Wakufa sadula mawu

Disruptor ali ndi thupi lofooka ndipo alibe luso lothawira. Adani anzeru amadziwa kuti akayamba ndi iye, otsalawo awamenya momasuka. Choncho funso loti uime pati ndi lofunika ngati funso loti udine liti. Malo ake ndi kumbuyo kwa anzake, m'mbali mwa mitengo, kumene adani sakumuona koma iye akuona zonse. Ayenera kukhala womaliza kuoneka pankhondo. Golide wochepa amene amapeza ndi bwino kugulira zida zomuthandiza kukhala moyo ndi kupulumutsa anzake, monga Glimmer Cape yomwe imabisa munthu kwakanthawi, kapena Force Staff yomwe imamukankhira kutsogolo. Ndodo ya Aghanim ndi yabwino, koma wosokoneza amene amasunga golide kwa mphindi 20 osagula kalikonse, akufa nkhondo iliyonse, walipira mtengo woposa 4,200.

Pa chifukwa chomwechi, udindo wodzala timaso totchedwa Observer Ward, tomwe timaonetsa mbali za bwalo zomwe zili mumdima, umamuyenera kwambiri. Chibweza sichigwira munthu amene sukumuona. Kaso kamodzi kodzalidwa pachitunda mphindi ziwiri nkhondo isanayambe n'komwe kamapangitsa kuti wothawa abwezedwe. Nkhanga zinapangana kusanache.

Chida chachisanu ndi pakamwa

Khola ndi namondwe sizipha chimphona pazokha. Zimangotsegula mpata wa masekondi ochepa, ndipo ngati anzako sakudziwa kuti mpatawo ukubwera, umatsekeka iwo akuyang'ana kwina. Wosokoneza wosayankhula ali ngati mlenje amene watchera msampha osauza anzake komwe uli.

J. L. Austin, m'buku lake la mu 1962 lotchedwa How to Do Things with Words, anaonetsa kuti mawu ena safotokoza chabe zinthu koma amachita ntchito, monga kulonjeza, kuchenjeza ndi kulamula. M'kati mwa nkhondo ya masekondi khumi, mawu ofotokoza alibe malo. Ndikati "Ndikumubweza!" ndalonjeza, ndipo anzanga amaleka kuthamangitsa n'kutembenukira pomwe mdaniyo afikire. Ndikati "Namondwe palibe!" ndachenjeza, ndipo timu yonse imabwerera m'mbuyo. Apa Chichewa chimatikomera. Mawu amodzi oti "ndikumubweza" anyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi ntchito yomwe, ndipo amatuluka ndi mpweya umodzi. Takhalanso tikubwereka aneni a Chingerezi n'kuwaveka zovala zathu: timati "kupusha" nsanja, "kufama" golide, ndipo munthu akaphedwa mobwerezabwereza timati "akufidisa", ndi kachilembo ka mchititsi kamene sitinakapangane. Amene akufunafuna mutu wa kafukufuku wa kubwerekana mawu angoyendera zipinda za kuhositelo Loweruka usiku.

Kuyankhula kumafunikanso pa chifukwa china chomwe chimatikhudza ife osewera a kuno. Kompyuta zikuluzikulu zoyendetsa masewerawa zomwe zili pafupi nafe zili ku South Africa, ndipo tikasowa osewera kumeneko timalumikizana ndi za ku Ulaya. Uthenga wochoka pa chala changa umayenda ulendo wonsewo ndi kubwerera, ndipo netiweki ikavuta, chimene ndikuona pagalasi chimakhala chitachitika kale. Wosewera ngwazi yongomenya angathe kupirira kuchedwa kotere. Wosokoneza, amene ntchito yake yonse ili m'kachigawo ka sekondi, ayenera kudina motsogoza pang'ono, ndipo kuti atero ayenera kudziwiratu zimene mdani achite ndi zimene anzake akufuna. Kuchedwa kwa netiweki kunandikakamiza kuphunzira kumvetsera kuposa m'mene ndikanaphunzirira ndikanakhala ndi intaneti yothamanga.

Zimene otsutsa amanena

Mnzanga wa masamu uja amati zonsezi ndi nthano zodzitonthoza nazo anthu osatha kumenya. Iye amati pamapeto pake chimango cha adani chimagwetsedwa ndi wa nambala 1, ndipo bolodi la zotsatira silinama: wapha angati, wafa kangati, wathandiza kangati. Mbali ina akunena zoona. Timu ya osokoneza asanu singapambane, pakuti pamafunika wina womaliza ntchito. Koma bolodi limawerenga zimene zachitika zokha. Black Hole imene sinaponyedwe, chimphona chimene chinabwezedwa kutsidya, Storm Spirit amene anaopa kulowa, zonsezi zilibe mzere pabolodipo. Ndipo tikayang'ana matimu akuluakulu tipeza kuti atsogoleri ambiri amachokera m'maudindo odzimanawa. Johan Sundstein wa ku Denmark, wodziwika kuti N0tail, anatsogolera timu ya OG kupambana The International mu 2018 ndi mu 2019 akusewera udindo wothandiza. Yaroslav Naidenov, wodziwika kuti Miposhka, anachita chimodzimodzi ndi Team Spirit mu 2021 ndi mu 2023. Munthu amene maso ake sali pa golide amakhala ndi mpata woona bwalo lonse.

Ena amati ngwazi zotere zimawononga kukoma kwa masewera, chifukwa palibe chowawa ngati kukhala m'khola, pakamwa potseka, ukuonerera ngwazi yako ikufa. Ululu umenewo ndimaudziwa. Koma popanda wosokoneza, masewera akanakhala mpikisano wongoona kuti ndani watolera golide wambiri, ndipo wotsogola pa mphindi 15 akanapambana nthawi zonse. Wosokoneza ndiye amapatsa wofooka mwayi wogwetsa wamphamvu. M'nthano zathu timakondwera Kalulu akapusitsa Njovu kapena Mkango pa chifukwa chomwechi. Kusiyana kwake n'koti Kalulu kawirikawiri amachenjerera mimba yake, pomwe wosokoneza akachenjerera dzina lake yekha amachita zimene ndinachita ine.

Chotsutsa chachitatu ndi cha makolo ndi aphunzitsi, choti masewerawa amadya nthawi ndi ndalama za intaneti. Pamenepa sinditsutsa. Masewera amodzi amatha mphindi 30 mpaka ola lathunthu, ndipo sungachoke pakati osalakwira anzako anayi. Teremu ina ndinapereka ntchito ya fonoloje mochedwa chifukwa cha "amodzi omaliza" amene anabala ena atatu, ndipo malikisi amene ndinataya anali oyenera kutayika. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chimene ndikukana n'choti chinthu chikakhala ndi ngozi ndiye kuti mulibe chophunzira. Munthu amene waphunzira kusunga namondwe mpaka nthawi yake ayeneranso kudziwa nthawi yotseka laputopu, ndipo akalephera, ndiye kuti phunzirolo sanalimvetse.

Mawu omaliza

Ndayesa kuonetsa kuti kugwiritsa ntchito bwino ngwazi yosokoneza kumafuna zinthu zinayi: kudziwa ndondomeko ya mdani, kudikira malo oyenera kuidula, kukhala moyo kufikira nthawiyo, ndi kuuza anzako zimene ukuchita. Ndatenga Disruptor wa mu Dota 2 ngati chitsanzo chifukwa ndi amene ndimamudziwa, koma mfundozi zingathandize aliyense wosewera ngwazi yomwe ntchito yake ndi kulepheretsa ena, m'masewera alionse a timu.

Miyezi ingapo pambuyo pa usiku uja tinakumananso m'chipinda chomwecho. Nkhondo yomaliza itayandikira, ndinaima kuseri kwa mitengo osadina kalikonse kwa masekondi omwe ndinawaona ngati chaka, anzanga akukuwa kuti ndiponye. Enigma wa adani atadumphira pakati pawo n'kuyamba kuwakoka, ndinamutseka pakamwa, ndipo anzanga anamaliza zotsalazo. Pa bolodi la zotsatira dzina langa linali pansi penipeni: ndinapha mmodzi, ndinafa kasanu ndi kawiri. Mnzanga wa masamu uja, amene anapha 19, anayang'ana bolodilo kwa kanthawi, kenaka anati, "Mawa usankhenso yemweyo."